Dzulo Anawerenga, Lero Waiwala: Mwana wa Dyslexia ndi Timawu Tating'ono ta Chingelezi

Ana akaweruka kusukulu, pakhonde panga kuno ku Chilenje pamakhala anayi kapena asanu ndi makope awo. Ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka ndinapuma pantchito, choncho makolo a m'dera lino akaona kuti kuwerenga kukumukanika mwana amabwera naye kwa ine. Dandaulo limene ndalimva koposa onse ndi ili: "Aphunzitsi, dzulo mwanayu anawerenga mawu onse khumi ine ndili pomwepo. Lero akuwayang'ana ngati sanawaonepo chibadwire. Kodi sakuchitira dala?"

Sakuchitira dala. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimakhala naye m'nyumba muno, anafika Giredi 3 liwu lakuti "was" lisanakhazikike m'mutu mwake. Mwana yemweyo ukamutuma ku kantemba amabwera ndi chenji chokwana, nthano ukamuuza kamodzi amakaifotokozera anzake osasiyako kanthu. Koma kungomuikira pepala patsogolo, mapewa amagwa. Ndinamukalipira kangapo ndisanamvetse, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Timawu ndikunenati ndi tating'onoting'ono ta Chingelezi timene timapezeka pafupifupi mumzere uliwonse: "the", "was", "said", "you", "of", "come", "they". Aphunzitsi amatitchula kuti ma sight words, ndiye kuti mawu amene mwana ayenera kuwazindikira pongowaona, osachita kuimapo. Mndandanda umene umayendayenda kwambiri m'masukulu ndi wa Edward Dolch wa ku America, amene mu 1936 anasonkhanitsa mawu 220 opezeka kawirikawiri m'mabuku a ana. Mwana wopunthwa pa timawu timeneti amapunthwa pamzere uliwonse, moti pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala mmene chinayambira. Kuno ku Lusaka vutoli tsopano likuoneka msanga. Kuyambira 2014 ana a m'masukulu a boma ankaphunzira m'Chinyanja kuchokera Giredi 1 mpaka Giredi 4, koma silabasi yatsopano imene inayamba kulowa mu 2025 yaika Chingelezi patsogolo kuyambira m'makalasi oyambirira.

Gwero lake

Vuto la kuwerenga limeneli limatchedwa dyslexia. Dzinali analiyambitsa mu 1887 ndi Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Stuttgart. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14, wochenjera, wodziwa masamu, koma wolephera kuwerenga. Pa nthawiyo ankaganiza kuti chovuta chili pa kuona mawu. Lero zikudziwika kuti chimene chimamuvuta mwana wotere ndi kupatula timaphokoso ta m'kati mwa liwu, timene m'kalasi timatitcha mamvekero, ndi kutilumikiza ndi zilembo. Zimayenda m'magazi, ndiye mukafufuza m'banja kawirikawiri mumapeza amalume kapena atate amene "sukulu inawakana". Akatswiri ambiri amati mwa ana 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 ali nalo vutoli. M'kalasi ya ana 70 ndiye kuti simulephera kupezeka atatu kapena anayi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuti timawuti mwana angotiloweza ngati mmene timalowezera nkhope ya munthu: kumuonetsa khadi, kumutchulira, iye n'kubwereza, mpaka kakhumi. Koma kafukufuku wa Linnea Ehri wa ku America anaonetsa kuti liwu limakhazikika m'mutu pamene zilembo zake zamangiriridwa ku mamvekero ake, chimodzi ndi chimodzi. Ana ena amamanga okha mfundo imeneyo osauzidwa. Mwana wa dyslexia ayenera kuthandizidwa kuimanga. Akapanda kuthandizidwa, liwu limakhala ngati mbuzi yosamangirira, madzulo ili pakhomo, m'mawa kulibe.

Akamadziwa lero, mawa n'kuiwala

Yambani ndi kuchepetsa katundu. Tengani mawu amene wapatsidwa kusukulu muwagawe pawiri. Ambiri mwa mawu a Dolch savuta konse, zilembo zake zimanena zoona: "and", "in", "it", "not", "big", "red", "up". Amenewa asawaloweze ayi, awawerenge mvekero ndi mvekero monga amachitira ndi mawu a Chinyanja. Otsalawo ndi amene ali ndi msampha, monga "said", "was", "of", "one", "you", "come". Mwa amenewa tengani atatu okha pa sabata. Akamavutikabe, awiri. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuthamanga chifukwa anzake ali kutsogolo, koma mawu khumi olowa lero n'kutuluka mawa amaposedwa ndi atatu okhala. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Liwu lililonse la msampha liphunzitseni motere. Ndipereka chitsanzo cha "said", monga ndinachitira ndi mdzukulu wanga. Ndinasefa mchenga n'kuuthira palichero, chifukwa ufa ndi wodula. Ndisanamuonetse chilembo chilichonse ndinalitchula liwulo, n'kumuuza tanthauzo lake m'Chinyanja, kuti ndi "anati". Kenako tinalikoka pang'onopang'ono pakamwa, iye akukankha chitsekero cha botolo pa mvekero uliwonse: s, e, d. Zitsekero zitatu. Ndipamene ndinalemba liwulo pakatoni, n'kumufunsa kuti pa chitsekero choyamba pali chilembo chanji. Anati "s". Chikunena zoona? Inde. Chotsiriza? "d", nachonso chikunena zoona. Nanga pakati, pamene khutu likumva "e", pepala lalemba chiyani? Anayang'anitsitsa nthawi ndithu, chala chili pakatoni, kenako anati, "Ambuya, ndiye pakunama ndi pakati pokha?" Ndinamupatsa bolopeni yofiira kuti azungulize yekha "ai". Liwulo analilemba pamchenga katatu ndi chala, akutchula mokweza, kenako ndinavundikira katoni kuti alembe za m'mutu.

Tsiku limenelo katundu anamupepukira. Poyamba ankaganiza kuti ayenera kusenza liwu lonse ngati chinthu chachilendo, pamene chofunika kuloweza ndi zilembo ziwiri zokha. Chitani chimodzimodzi ndi "was", pamene "a" akumveka ngati "o" ndipo "s" akumveka ngati "z". Kugwiritsa ntchito maso, khutu, pakamwa ndi chala nthawi imodzi si zachilendo, ndi maziko a njira imene Samuel Orton ndi Anna Gillingham anaikhazikitsa ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo aphunzitsi a ana otere akuitsatabe.

Chatsala ndi kubwereza, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amatayira. Liwu limene mwana wangoliphunzira liyenera kubweranso lisanazilale. Pezani zitini zitatu zopanda kanthu. Makadi dulani ku katoni ya sopo. Chitini choyamba ndi cha tsiku lililonse, chachiwiri cha Lolemba ndi Lachinayi, chachitatu cha Loweruka lokha. Khadi latsopano limayambira m'choyamba. Akaliwerenga mosazengereza masiku atatu otsatizana, likwera m'chachiwiri, kenako m'chachitatu. Akaphonya, libwerera m'choyamba, popanda kukalipa, popanda kuusa moyo. Njirayi inatchuka ndi Sebastian Leitner wa ku Germany mu 1972, ndipo ubwino wake ndi wakuti mwana amaona ndi maso chitini chachitatu chikudzaza. Musiyeni kuti azisamutsa yekha makadiwo.

Akamawerenga Chingelezi ngati Chinyanja

Izi ndimaziona sabata iliyonse, ndipo makolo amazida nkhawa pachabe. Mwana aona "come" n'kuti "chome". Aona "one" n'kuti "o-ne". Aona "make" n'kutchula monga timatchulira make wa mwana. Musakhumudwe, chifukwa mwana ameneyu akuwerenga ndithu, kungoti akutsata malamulo a kwawo. Chinyanja chili ndi mavawelo asanu ndipo chilichonse chimamveka mmene chalembedwera. M'mabuku a sukulu a kuno ku Zambia "c" amaimira mvekero umene ku Malawi amaulemba "ch", ndiye "chome" sanalakwe kwenikweni. Chingelezi chili ndi zilembo 26 koma mamvekero ake ndi pafupifupi 44, n'chifukwa chake chimachita kubwerekana zilembo.

Muuzeni mosabisa kuti pali malamulo awiri, a Chinyanja ndi a Chingelezi. Ine makadi a Chingelezi ndimawalemba ndi inki ya buluu, a Chinyanja yakuda, kuti adziwiretu nyumba imene walowa. Samalani kwambiri ndi "th". Kwa ife "th" ndi wa mu thumba ndi thobwa, koma mu "the", "this" ndi "they" lilime limatulukira pakati pa mano. Tengani kagalasi adziyang'ane akutchula. Ana amaseka, koma saiwala. Za "e" wa kumapeto amene satchulidwa mu "come", "some" ndi "have", mwana amudule ndi kamzere ka pensulo.

Chimodzi chokha chisiyeni. Akati "andi" m'malo mwa "and", kapena "bigi" m'malo mwa "big", kumeneko ndi kalankhulidwe chabe, liwu waliwerenga. Mukayamba kulimbana ndi katchulidwe mumutopetsa pa zosafunika.

Akamatembenuza: "was" ndi "saw", "on" ndi "no", b ndi d

Kutembenuza zilembo kumachitika kwa ana ambiri mpaka zaka 7 kapena 8, ndipo pakokha si umboni wa dyslexia. Kukapitirira pamenepo ndiye muchitepo kanthu. Cholakwa chimene ndimachiona ndi kuika mawu awiriwo pamodzi n'kumati "taona kusiyana kwake". Kutero n'kuwasakaniza kwambiri. Phunzitsani "was" yekha mpaka afike m'chitini chachitatu, "saw" adikire masabata angapo. Pakhadi ikani kadontho kobiriwira pansi pa chilembo choyamba, chala chiziyambira pamenepo, ndipo atchule mvekero woyamba asanatchule liwu lonse. Milomo ikayamba ndi "w" singathe kutulutsa "saw".

Za b ndi d, dzanja ndi limene limakumbukira bwino kuposa maso. Polemba b ayambe ndi ndodo, kenako mimba. Polemba d ayambe ndi mbale, kenako ndodo. Azinena mawu amenewo akulemba pamchenga. Akasokonezeka ali m'kalasi, afumbate manja onse awiri zala zazikulu zili chilili, zibakera zitayang'anizana: lamanzere ndi b, lamanja ndi d, monga zimatsatirana mu alifabeti.

Akamangolota

Pali ana amene amaona chilembo choyamba n'kuponya liwu lililonse loyamba nacho. Palembedwa "went" iye ati "want", palembedwa "then" iye ati "the". Ena amathamangira kuyang'ana chithunzi n'kupeka chiganizo chonse, ndipo amapeka mwaluso moti kholo limakhulupirira kuti akuwerenga. Ndi nzeru za mwana amene watopa ndi kuchita manyazi, koma chizolowezichi chikakula n'chovuta kuchichotsa. Vundikirani chithunzi ndi dzanja mpaka atawerenga mzere. Musamuuze kuti "tangoganiza", muuzeni kuti "yenda nalo mpaka kumapeto". Akaphonya musanene kuti walakwa, lozani chilembo chimene wachidumpha n'kufunsa kuti ichi chikuti chiyani. Masewera othandiza ndi osintha chilembo chimodzi chokha: lembani zilembo pa zitsekero, mupange "in", iye asinthe kuti likhale "it", kenako "at", kenako "an". Maso amaphunzira kufika m'kati mwa liwu.

Akamadziwa pakhadi koma m'buku ayi

Mwina waloweza ndondomeko, osati mawu. M'makalasi athu ana amawerenga tchati cha pakhoma onse pamodzi ngati nyimbo, ndipo mwana wa khutu lakuthwa amaimba nawo osayang'ana n'komwe. Sakanizani makadi tsiku lililonse. Liwu likangofika m'chitini chachiwiri lilowetseni m'chiganizo chachifupi chimene mwalemba nokha ndi mawu okhawo amene akuwadziwa, monga "Mum said it was red." Mupatseni nyuzipepala yakale ndi pensulo asake "the" m'ndime imodzi. Mukakwera minibasi kupita ku Kamwala kapena ku City Market, zikwangwani za m'njira zadzaza ndi "and", "for", "the" ndi "to". Liwu aliwone m'zilembo zazikulu, zazing'ono, zosindikiza ndi zolemba pamanja.

Akamalira kapena kudandaula m'mimba

Mwana amene m'mimba mumamupweteka nthawi ya homuweki yokha sakunama, mantha amapotokola m'mimba ndithu. Apa ndilankhule mosapita m'mbali. Chikwapu sichinaphunzitsepo mwana wa dyslexia kuwerenga. Kumutcha mbuli, kapena kumuyerekeza ndi mng'ono wake amene wamupitirira, kumangomuphunzitsa kudana ndi buku. Ndaonapo anyamata a Giredi 6 amene amasankha kukhala ovuta m'kalasi kuti athamangitsidwe panja, kusiyana n'kuti aimirire kuwerenga anzawo akuseka.

Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu patsiku zakwana, bola zikhale za tsiku lililonse. Adye kaye, apume, ndipo muchite kukadali kowala, osati pa kandulo malaiti atapita iye akusinza. Abale ake asakhale pomwepo kuonerera. Yambani ndi makadi amene akuwadziwa ndipo mutsirizenso ndi amene akuwadziwa. Poyamikira nenani chenicheni chimene wachita: "Waona wekha kuti waphonya, wabwerera, wakonza." Ndipo usiku muzimuwerengera inuyo nkhani, kapena kumusimbira nthano, osamufunsa kuti awerenge kalikonse. Mutu wake ukufunika kumadya nkhani ndi mawu atsopano pamene kuwerenga kukubwera pambuyo.

Mdzukulu wanga ndinamuuza dzina la vuto lake ali ndi zaka 9. Ndinaopa kuti akhumudwa. Anangofunsa kuti, "Ndiye si kuti ndine wopusa, ambuya?" Ndinazindikira kuti funso limenelo anali atalisenza yekha zaka ziwiri.

Ngati Chinyanja nachonso chikumukanika

Ichi ndi chizindikiro chimene ndimachiyang'ana kwambiri. Mwana amene Chinyanja amawerenga bwino koma Chingelezi chikumuvuta, mwina vuto ndi chinenero chabe, sakumva zimene mawuwo akutanthauza. Koma amene amalankhula Chinyanja kunyumba n'kumalepherabe kulumikiza "ma" ndi "la" kuti apeze "mala", kapena kukuuzani mvekero woyamba wa "sopo", ameneyo ayambire pamenepo, timawu ta Chingelezi tidikire. Ombani naye m'manja maphatikizo a mayina a zinthu za m'nyumba: mba-u-la, chi-te-nje, ka-pe-nta. Mufunseni kuti mukachotsa "chi" pa "chimanga" patsala chiyani. Zonsezi n'zapakamwa, mungathe kuchita mukutsuka mbale. Polemba yambani ndi maphatikizo a zilembo ziwiri, ndipo "mb", "nd", "ng'", "mph" ndi "nkh" azibwera mmodzimmodzi. Ngati kunyumba muli ndi mabuku ochokera ku Malawi olemba "chakudya" pamene la kusukulu likuti "cakudya", mufotokozereni kamodzi kuti ndi liwu lomwelo, kenako tsatani kalembedwe ka kusukulu. Chinyanja n'chachilungamo kwa mwana wotere, ndipo akaona kuti zilembo zingathe kudaliridwa amalowa m'Chingelezi ali ndi pogwira.

Kopita zikakanika

Musanaganize za dyslexia, kamupimitseni maso ndi makutu. Yambirani ku kiliniki ya m'dera lanu, iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH. Mwana amene makutu ankatuluka mafinya ali wamng'ono akhoza kukhala kuti mamvekero ena sawamva bwino. Koma wina akakuuzani kuti magalasi a mitundu kapena masewera a maso amachiza dyslexia, sungani ndalama zanu. Mu 2009 mabungwe a madokotala a ana ndi a maso ku America ananena poyera kuti palibe umboni wakuti zimenezo zimathandiza. Sanalodzedwenso mwanayo. Pempherani naye ngati ndinu opemphera, koma zitini zija zisaime.

Mukachita zonsezi mokhulupirika teremu yathunthu osaona kusintha, pitani kwa ahedi mukafunse ngati pasukulupo pali mphunzitsi wa maphunziro apadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa konkuno ku Lusaka, ku koleji ya ZAMISE ndi ku University of Zambia, ndipo ngati pasukulu panu palibe, ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, ndi imene ingakulozereni kopita kuti mwana akaunikidwe. Tengani makope ake ndi makadi aja, chifukwa amaonetsa zambiri kuposa zimene mungafotokoze pakamwa.

Kwa mphunzitsi wa m'kalasi pitani mwaulemu. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, ndipo munthu mmodzi sangathe kukhala pansi ndi mwana wanu yekha tsiku lililonse. Koma pali zazing'ono zimene angathe: kumukhazika kutsogolo, kusamuimiritsa mwadzidzidzi kuti awerenge pamaso pa anzake, ndi kumupatsa mawu a sipelo atatu kapena asanu m'malo mwa khumi. Aphunzitsi a mdzukulu wanga anavomera kuti azindiuziratu Lachisanu ndime imene adzawerenge sabata yotsatira, kuti tiyambe taikonzekera kunyumba.

Panopa ali Giredi 5. "Was" anafika m'chitini chachitatu patapita masabata asanu ndi awiri, ndipo sanabwererenso. Amawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo ine sindimuchotsa chalacho. M'chitini choyamba sabata ino muli "were", "could" ndi "because". "Where" ndamubisa m'kabati mpaka mwezi wamawa, kuti asakumane ndi "were" nthawi isanakwane.